Nambala Sikisi

Makina a karaoke anabwera pa basi kuchokera ku Limbe
atakulungidwa m'bulangeti ngati wodwala.
Abwana anati, Esinta, iwe unafika Fomu Folo,
uzidina ndiwe.
Ndiye ndimadina.
Loweruka anyamata odula nzimbe amakuwa mpaka sipika kutsokomola,
koma Lachitatu lija mu Nchalo munali zii,
fani ikungotakasa mpweya wotentha,
phulusa la nzimbe zowotcha likutera pa matebulo.

Analowa awiri.
A Alufazema a ku Ngabu, jekete m'chitungu chonsechi,
ndi a Morita a ku Japan, mutu mbuu ngati thonje pa sikelo,
amene kale ankakonza mapampu m'chigwa muno
a Alufazema ali dalaivala wawo.
Zaka makumi anayi osaonana.
Pokhala pansi, mawondo anayi analira pamodzi.

Mwanawe, tisankhire yosavuta.

Yosavuta kwa munthu wamkulu ndi iti?
Ntchito ino yandiphunzitsa.
Isathamange ngati kabaza wa pa Dyeratu.
Isakwere ngati msewu wa ku Thabwa
kumene malole amathera mpweya pakati pa chitunda.
Iyende ngati Shire wa mu Okutobala,
ipatse munthu mpata womeza malovu,
ndipo mawu ake azibwerera pakhomo pomwe anachokera
kuti woiwala awapezenso.

Za kwawo m'makinamo zilimo zisanu ndi zitatu basi,
zilembo zake ngati mapazi a nkhuku pa matope.
Yoyamba a Morita anapukusa mutu, ya ana.
Yachitatu inali ndi ng'oma zambiri.
Nditadina sikisi
kunamveka chitoliro chimodzi, chowonda,
a Alufazema n'kuika botolo pansi osalimwa.

A Morita anayamba bwino,
mawu onjenjemera ngati bwato lodzaza mbatata.
Ndime yachiwiri inawathawa.
Zilembo zinkasanduka zachikasu chimodzichimodzi, kuwasiya m'mbuyo,
magalasi anaiwala ku loji,
anangoima, maikolofoni pachifuwa,
akumwetulira ngati mlendo wotsika pa siteji yolakwika.

Pamenepo a Alufazema anadzuka.
Sanayang'ane sikirini. Anatsinzina.
Nyimbo yonse inali m'kamwa mwawo,
yochokera m'kaseti yomwe inkalira m'galimoto
kuyambira Ngabu mpaka Marka, fumbi lili kobo,
kufikira tsiku limene wailesi inaitafuna.
Chijapani cha msena, chokoka ngati khasu m'makande,
koma liwu lililonse pamalo pake.
A Morita anagwira mkono wa jekete lija
n'kumatsatira pambuyo.

Itatha, palibe anawomba m'manja.
Tinalipo atatu, ndi buluzi pakhoma.

Ndinafunsa, agogo, ikunena chiyani?
Za mkazi, anatero a Alufazema.
Nanga nyimbo yolira chonchi ingakhale ya chiyani?
A Morita anaseka mpaka kutsamwa,
n'kutolatola Chichewa chawo chakale:
Mkazi ayi. Sitima.
Munthu adikira sitima. Kuzizira kwambiri.
Chipale chofewa chigwa, chigwa.
Sitima sibwera.

A Alufazema anakhala chete,
thukuta likutsika m'khosi kulowa m'kolala.
Zaka makumi anayi akulirira mkazi
amene m'nyimbomo mulibe.
Kenaka anati,
aa, ndiye ndi ya ku Bangula imeneyo.
Ifenso njanji yathu inamera minga tikudikira.

Dinanso, mwanawe.

Ndinadina kanayi usiku umenewo.
Analipira Fanta ziwiri ndi Gilini imodzi,
natuluka atagwirana ngati mitengo ya khola lakale,
wina akuti samala ngalande, wina akuti hai, hai.

Ndikutsuka matambula ndinadzipeza ndikung'ung'udza.
Kunja udzudzu, achule, thirakitala ya usiku.
Chipale chofewacho sindinachionepo,
madzi oundana ndimawadziwa a m'firiji,
koma pa mikono yanga, mu Nchalo, mu Novembala,
panatuluka tsembwe.